Jombo za liwiro: ulendo wochoka pa magalamu 500 kufika pa 99

Mu 2015 kampani ya Puma inatulutsa jombo yosewerera mpira yotchedwa evoSPEED SL. Inkalemera magalamu 103 basi. Foni imene mwagwira m'manjamo ikulemera kuposa pamenepo. Eni ake sanapsatire mawu, anauziratu ogula kuti jomboyi ndi ya magemu pafupifupi 10, ikakwanitsa amenewo ntchito yake yatha. Chaka chomwecho a Adidas anatulutsa yawo ya magalamu 99.

Zaka 100 m'mbuyo mwake, wosewera mpira ku England ankamanga kuphazi chinthu cholemera pafupifupi magalamu 500, phazi limodzi, ndipo mvula ikagwa chikopacho chinkamwa madzi mpaka kulemera kuwirikiza. Pakati pa manambala awiriwa pali mbiri ya anthu amene akhala akusenga jombo pang'onopang'ono, ngati mmisiri wosema mpini. Ndikufuna tiyende nayo mbiriyi, chifukwa masiku ano mnyamata kapena mtsikana aliyense wothamanga m'mbali mwa galaundi amalota Mercurial ya Mbappé kapena F50 ya Lamine Yamal, ndipo ambiri amasunga ndalama ya ganyu miyezi ingapo kuti akaipeze pa kaunjika. Ndalama imeneyo ndi yowawa, ndipo phazi muli nalolo ndi lomwelo, la sipeya kulibe. Ndiye ndi bwino kudziwa kuti chimene anachotsa pa jomboyo kuti ipepuke n'chiyani, ndipo ankachotsera ndani.

Nthawi ya jombo zakuntchito

Jombo za mpira zakale kwambiri zimene zinalembedwa ndi za mfumu. M'kaundula wa zovala za Henry VIII wa ku England, wa chaka cha 1526, muli peyala ya nsapato zosewerera mpira zimene anasoka Cornelius Johnson, mtengo wake mashileni 4. Nsapatozo zinasowa kalekale, chinatsala ndi cholembedwacho. Mpira umene timaudziwa ifewu unayamba mu 1863, pomwe bungwe la Football Association linalemba malamulo ake ku London. Lamulo la nambala 13 linaletsa kuvala nsapato yokhala ndi misomali yotuluka kunja kapena zitsulo kunsi kwake. Lamulo likaletsa chinthu ndiye kuti anthu ankachichita. Mpira utafalikira kwa anthu a m'mafakitale ndi m'migodi m'zaka zotsatira, ambiri ankalowa m'bwalo ndi jombo zomwezo zakuntchito, atakhomamo tizikopa kunsi kuti asaterereke.

Mu 1891 malamulo analola timabampu tachikopa kunsi kwa jombo, timene lero timangoti masitadi, bola tisapitirire theka la inchi. Jombo ya nthawi imeneyo inkafika pamwamba pa akakolo, chikopa chake chokhuthala, kutsogolo kolimba gwa. Wosewera akagula yatsopano ankaivala n'kukhala nayo m'bafa la madzi ofunda kuti ifewe ndi kutengera phazi lake, kenako n'kuipaka mafuta. Ntchito yake inali kuteteza. Mabwalo a ku England m'nyengo yozizira ankasanduka dambo, mpira wachikopa unkamwa madzi n'kulemera ngati dzungu, ndipo otchinga kumbuyo ankabwera ndi mapazi onse awiri, refu n'kungoyang'ana. M'mpira wotero, zala zako zinkafunika denga lolimba kuposa china chilichonse.

Jombo ya magalamu 0

Pamene Angelezi ankalimbana ndi zikopa zawo, m'mayiko amene ankawalamulira anthu anaulandira mpirawo koma jombo anazisiya. Pa 29 Julayi 1911 ku Calcutta, timu ya Mohun Bagan inagonjetsa asilikali a East Yorkshire Regiment 2-1 n'kutenga chikho cha IFA Shield, osewera ake 10 mwa 11 ali opanda nsapato. Mu 1949 timu ya Nigeria inakwera sitima ya pamadzi kupita ku England, ndipo pa gemu yake yoyamba inathibula Marine, timu ya kufupi ndi Liverpool, 5-2, anyamata ambiri atangokulunga mapazi ndi mabandeji. Oonerera anadabwa ndi liwiro lawo komanso mmene mpira unkawamverera.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri. India inasewera bwino pa Olympics ya 1948 ku London, osewera ambiri opanda nsapato, n'kugonja movutikira 2-1 kwa France itaphonya mapenate awiri. Patapita zaka zinayi, ku Helsinki, Yugoslavia inawamwetsa 10-1, ndipo pambuyo pake bungwe lawo la mpira linalamula kuti aliyense azivala jombo. Anyamata a ku Nigeria aja nawonso, tsiku limene bwalo lanyowa, ankavutika kuima. Mwina munamvapo zoti India inakana kupita ku World Cup ya 1950 chifukwa FIFA inaletsa kusewera opanda nsapato. Olemba mbiri ya mpira wa ku India amatchula zifukwa zina: ulendo wautali wopita ku Brazil, kuchepa kwa nthawi yokonzekera, komanso kuti akuluakulu awo ankaona Olympics kukhala yofunika kuposa World Cup.

Ife izi sitichita kuwerenga m'buku. Ambiri tinayambira chikulunga pa fumbi, ndipo kukoma kwake timakudziwa: palibe jombo yopepuka kuposa phazi lako, palibenso imene imamva mpira ngati ilo. Mtengo wake timaudziwanso, chikhadabo chozuka, minga, ndi kugwa chagada pa udzu wamame pamene mnzako wa masitadi wakhota n'kukusiya. Eusébio, amene anabadwira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, mu 1942, anayambanso choncho ku Mafalala ndi mpira wa nsanza. Anthu amenewa anaonetsa dziko kuti phazi lopepuka limathamanga, koma anaonetsanso kuti kupepuka pakokha sikukwanira ngati phazilo silikugwira nthaka.

Masilipasi amene anachititsa manyazi England

Mu 1950 England inapita ku World Cup koyamba, ku Brazil, n'kukagonja 1-0 kwa United States ku Belo Horizonte. Mmodzi mwa amene anali pa ulendowo anali Stanley Matthews, wosewera m'mbali wa zaka 35. Iye anatsala ndi chidwi ndi zimene osewera a ku South America anavala: nsapato zodulidwa mmunsi mwa akakolo, zachikopa chofewa, zopanda chigoba kutsogolo. Anagula peyala imodzi, ndipo atabwerera kwawo anagwirizana ndi fakitale ya Co-op ku Heckmondwike, m'chigawo cha Yorkshire, kuti izimusokera zoterozo. Zinkatha msanga, koma iye sankadandaula. Amatinso popita ku bwalo ankaika mtovu m'nsapato zake zoyendera, kuti akavala jombo amve ngati mapazi alibe kanthu. Mkuluyu anapata Ballon d'Or yoyamba mu 1956, ndipo anasewera mu ligi yaikulu mpaka 1965 ali ndi zaka 50.

Anzake sanamve msanga. Pa 25 Novembala 1953 Hungary inafika pa Wembley. Kaputeni wa England, Billy Wright, anadzafotokoza yekha pambuyo pake kuti potuluka m'chipinda anayang'ana mapazi a alendowo n'kuona nsapato zooneka ngati masilipasi, ndipo ananong'oneza mnzake Stan Mortensen kuti anthuwa angatani, ngakhale zovala zenizeni alibe. Mphindi imodzi isanathe Nándor Hidegkuti anali atagoletsa kale. Ferenc Puskás anakoka mpira ndi kunsi kwa phazi, Wright yemweyo n'kudutsa ngati wasochera, chigoli. Gemu inatha 6-3, ndipo mu Meyi 1954 ku Budapest anawaonjezera 7-1.

Sindikunena kuti nsapato ndi zimene zinagoletsa zigoli 13 zimenezo. Hungary inali ndi kaseweredwe kamene England inali isanakaonepo, Hidegkuti akubwerera pakati n'kusiya otchinga kumbuyo akusowa womugwira. Koma mpira wopatsirana mwachangu, wokhota pamalo pang'ono, umafuna akakolo omasuka ndi phazi lomva mpira. Jombo inasintha chifukwa kaseweredwe kanasintha.

Mvula ya ku Bern

M'tauni yaing'ono ya Herzogenaurach ku Germany munali abale awiri osoka nsapato, Rudolf Dassler ndi mng'ono wake Adolf, wodziwika kuti Adi. Anatsegula fakitale yawo mu 1924 ndipo anatchuka ndi nsapato za othamanga. Mu 1948 anayambana moti sanadzagwirizanenso mpaka imfa. Rudolf anawoloka mtsinje wa Aurach n'kuyambitsa Puma, Adi anatsala tsidya lino n'kulembetsa Adidas mu 1949. Mpikisano wambiri umene mukuuona pa mapazi a osewera lero unayambira pa mkangano wa pachibale umenewu.

Pa 4 Julayi 1954, mu fainolo ya World Cup pa bwalo la Wankdorf ku Bern, West Germany inakumana ndi Hungary yomwe ija. Hungary inali itatha zaka zinayi osagonja, ndipo m'ndime ya m'magulu inali itawamwetsa Ajeremaniwo 8-3. Tsikulo kunagwa mvula. Pofika mphindi 8 Hungary inali patsogolo 2-0. Koma Adi Dassler anali pa benchi ya Germany pambali pa kochi Sepp Herberger, ndipo jombo zimene anawasokera anyamatawo zinali zopepuka, zokhala ndi masitadi omanga ndi kumasula ngati mabawuti. Bwalo likamasanduka matope, ankatha kuchotsa aafupi n'kumanga aatali. Germany inabweza zigoli zonse ziwiri pofika mphindi 18, ndipo Helmut Rahn anagoletsa chachitatu pa mphindi 84.

Apanso tisakokomeze. Puskás anasewera ndi kakolo kovulala, chigoli chake cha kumapeto anachikana ponena kuti anali ofusayidi, ndipo goloboyi Toni Turek anagwira ntchito ya anthu atatu. A Puma nawonso amati masitadi omasula anayamba ndi iwo, pa jombo yotchedwa Super Atom ya 1952. Komabe taonani mmene zinthu zinatembenukira. Timu imene inaphunzitsa England za nsapato zopepuka inadzagonja kwa timu imene inaganizira za kunsi kwa nsapato. Kwa ine, m'mbiri yonse ya jombo, tsiku lofunika kwambiri ndi limeneli, ndipo nkhani yake inali ya kugwira nthaka.

Zaka za chikopa chofewa

Kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1990, jombo yabwino inali yakuda, yamizere yoyera, yachikopa chofewa. Eusébio atagoletsa zigoli 9 pa World Cup ya 1966, a Puma anamulemekeza potulutsa King mu 1968. Pelé mu 1970, Johan Cruyff mu 1974 ndi Diego Maradona mu 1986 onse anavala jombo za banja limeneli. Mu 1979 a Adidas anatulutsa Copa Mundial, imene mpaka lero ikugulitsidwabe. Chinsinsi chake chinali chikopa cha kangaroo, nyama ya ku Australia, chimene chimalimba ngakhale atachisenga kukhala chopyapyala. Copa imalemera magalamu opitirira pang'ono 300, ndipo kwa zaka zambiri palibe amene ankaiona ngati yolemera. Akuluakulu amene anaonerera mpira wa m'masiku a Kinnah Phiri, pomwe Flames inkatenga chikho cha CECAFA mu 1978 ndi 1979, angakuuzeni kuti liwiro linalipo ndithu, jombo zili zakuda zokhazokha.

Mu 1994 kunabwera Predator, maganizo a Craig Johnston amene anasewererapo Liverpool. Iye anamata timphira pamwamba pa jombo kuti mpira uzipota ndi kuchoka mwamphamvu. Mpaka apa, makampani ankagulitsa zinthu ziwiri: kumva mpira ndi mphamvu ya shoti. Liwiro linali lisanakhale malonda paokha.

Ronaldo ndi mpikisano wa magalamu

Amene anasandutsa liwiro kukhala malonda ndi a Nike. Iwo anali alendo mu mpira, koma akatswiri pa nsapato za othamanga, ndipo mu 1996 anasainirana mgwirizano ndi timu ya Brazil. Brazil inali ndi Ronaldo, mnyamata amene ankathamanga ndi mpira kuposa mmene ena ankathamangira opanda mpira. Mu 1998 anamupangira Mercurial, potengera nsapato za othamanga mtunda waufupi. Pamwamba pake anachotsa chikopa cha nyama n'kuika chochita kupanga, ndipo inkalemera magalamu pafupifupi 250. Ya pa World Cup ya ku France inali yasiliva, ya buluu ndi chikasu, pamene pafupifupi aliyense anali mu zakuda. Pa 12 Julayi 1998 Brazil inagonja 3-0 kwa France, Ronaldo atadwala mwadzidzidzi maola ochepa gemu isanayambe. Chithunzi chake ataima mwachisoni, jombozo atazikoleka m'khosi ndi zingwe, chinazungulira dziko lonse. Gemu anataya, koma nsapato inagulitsidwa.

Mu 2002 kunabwera Mercurial Vapor, yosakwana magalamu 200. Ronaldo, atachira bondo limene linamugoneka nthawi yaitali ku Inter, anagoletsa zigoli 8 pa World Cup imeneyo, ziwiri mwa izo mu fainolo ku Yokohama, Oliver Kahn akuyang'ana. A Adidas anayankha mu 2004 ndi F50, dzina lokumbukira zaka 50 chichitikireni cha ku Bern. Pofika World Cup ya 2010 ku South Africa, F50 adizero ya Lionel Messi inali pa magalamu 165. Mu 2014 anayamba kuluka pamwamba pa jombo ndi ulusi ngati sokosi. Kenako 2015, ndi 103 ndi 99 zija.

Nanga ankachotsa chiyani? Chikopa chokhuthala chinasanduka kansalu kapulasitiki kopyapyala ngati pepala. Siponji ya m'kati ndi ya pa lilime inachoka. Chigoba chogwira chidendene chinachepa. Soli inakhala ya pulasitiki yopyapyala koma yolimba, masitadi anachepa n'kukhala ngati timipeni tolumira kutsogolo. Phindu lenileni linalipo: nsalu zimenezi sizimwa madzi, choncho jombo imene mwayamba nayo gemu imalemera chimodzimodzi pa mphindi 90, ngakhale mu Januwale. Koma chimene otsatsa malonda satchula kawirikawiri n'chakuti mpikisanowo unazirala. Lero jombo zambiri za liwiro, za mtengo wapamwamba, zili pakati pa magalamu 180 ndi 200. Eni ake anabwerera m'mbuyo okha, poona kuti jombo imene ikung'ambika msanga, kapena kulola phazi kusewera m'kati pokhota, siithandiza munthu.

Kodi zimathamangitsadi?

Ofufuza za masewera othamanga anapeza kalekale, m'ma 1980, kuti magalamu 100 aliwonse owonjezera pa nsapato amachititsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya wochuluka ndi pafupifupi 1 peresenti. Mu 2016 a pa yunivesite ya Colorado ku Boulder anayesa othamanga mamita 3,000 atawabisira timikanda ta mtovu m'nsapato, ndipo magalamu 100 anachedwetsa nthawi yawo ndi 0.78 peresenti. Ndiye kulemera kuli ndi kanthu ndithu, makamaka kwa wosewera wa ligi yaikulu amene amayenda makilomita 10 kapena kuposa pa gemu imodzi. Kuchoka pa 500 kufika pa 250 kunali kusintha kwakukulu.

Koma tiyeni tiwerengetsere. Jombo ya magalamu 180 ndi ya 230 zimasiyana ndi 50 basi. Tikatenga nambala ya ku Colorado ija, ngakhale inali ya mtunda wautali, kusiyana kwake sikukwana theka la peresenti. Pa mamita 30 amene munthu wathamanga masekondi anayi, kumeneko n'kusiyana kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Kuterereka kamodzi kokha poyamba kuthamanga kumakudyerani zambiri kuposa pamenepo. Mu 2009 ofufuza a ku Germany anathamangitsa osewera mpira mokhotakhota atavala jombo zosiyanasiyana. Kuwonjezera magalamu 70 sikunasinthe nthawi yawo moonekera. Zimene zinasintha nthawi zinali mtundu wa masitadi ndi mmene jomboyo inawakwanira.

Chotsala ndi cha m'mutu, ndipo sindikuchinyoza. Mtovu wa Matthews uja unali mankhwala a m'mutu. Munthu akamva kuti mapazi apepuka amalimba mtima, amamuyamba wotchinga kumbuyo m'malo mobweza mpira. Kungoti kumva kumeneko mukhoza kukupeza pa jombo iliyonse yokukwanani bwino.

Zala zopanda denga

M'zaka zimene jombo zinkapepuka, anthu anaphunzira dzina la timafupa ta pamwamba pa phazi, timene madokotala amati metatarsal. David Beckham anathyoka kamodzi mu Epulo 2002 atapondedwa ndi Aldo Duscher wa Deportivo La Coruña. Wayne Rooney anathyoka pa Euro 2004, n'kudzathyokanso mu Epulo 2006 pa gemu ya Chelsea. Manyuzipepala a ku England analoza chala jombo zamakono. Kunena chilungamo, Beckham anali mu Predator, imene sinali jombo ya liwiro, ndipo palibe nsapato imene ingaletse fupa kuthyoka munthu wa makilogalamu 80 akakuponda ndi mphamvu zonse. Koma aliyense amene anapondedwapo ali mu jombo yopyapyala amadziwa kuti sitadi ya mnzako imafika pa fupa mosachita kugogoda.

Kusiyana kwathu ndi Rooney n'kwakuti iye akavulala pali dokotala wa timu, makina ounikira, ndipo malipiro amalowabe. Jombo amapatsidwa ulere, zosokedwa motengera phazi lake, ndipo ikangotopa amatenga ina. Inu mukavulala pa bonanza ya kumudzi, kabaza waima, ganyu waima, mayeso akubwera.

Kwa atsikana pali vuto lowonjezera. Kwa zaka zambiri jombo zakhala zikupangidwa poyeza phazi la mwamuna, la mkazi n'kungochepetsera saizi. Mu 2023 bungwe la European Club Association linafunsa osewera aakazi pafupifupi 350, ndipo 82 peresenti anati jombo zawo zimawapweteka. Chaka chomwecho a Nike anatulutsa Phantom Luna, yopangidwa poyeza mapazi a akazi. Temwa Chawinga wa ku Rumphi, amene mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya NWSL ku America ali ndi Kansas City Current n'kutenga nsapato ya golide, ndi mmodzi mwa osewera aliwiro kwambiri mu ligi imeneyo. Liwiro limenelo anachoka nalo kuno.

Nanga pa mabwalo athu?

Jombo ya liwiro imene mumaiona pa TV inapangidwira kapinga wothiriridwa, wometedwa bwino, wofewa moti sitadi imalowa n'kutuluka. Pa bokosi kapena pa lilime amalemba FG. Za SG ndi za matope, zokhala ndi masitadi achitsulo omasula, zidzukulu za zija za ku Bern. Za AG ndi za kapinga wochita kupanga, ngati wa pa Kamuzu Stadium. Za HG ndi za nthaka yolimba, ndipo za TF zili ndi timabampu tambirimbiri tamphira.

Tsono ganizirani galaundi ya kusukulu kwanu mu Okutobala, nthaka yofiira itauma gwa. Sitadi yaitali siilowa pamenepo. Thupi lonse limaima pa tinsonga tochepa, kunsi kwa phazi kumayaka moto, kakolo kamapindika mosavuta, ndipo soli yopyapyala ija imasweka pamene phazi limapindikira. Pa kapinga wochita kupanga vuto ndi lina: masitadi okhala ngati timipeni amakanirira, thupi likukhota phazi litatsala, ndipo amene amalipira ndi bondo. Pa nthaka youma, masitadi aafupi, ozungulira, ochuluka, ndi amene amakupatsani liwiro, ndipo nthawi zina TF imene anzanu amaiseka kuti ndi ya tirening'i ndiyo imakhala yoyenera.

Chachiwiri, dziwani kuti jombo ya dzina limodzi imabwera m'magiredi. A Nike ali ndi Elite, Pro, Academy ndi Club. A Adidas ali ndi Elite, Pro, League ndi Club. Mtundu ndi maonekedwe n'zofanana, koma imene amavala Mbappé ndi Elite yokha. Zotsikazo n'zolemererako, nsalu yake yokhuthalako, ndipo pa mabwalo athu nthawi zambiri ndi zimene zimakhalitsa. Palinso zafeki, zimene zimapepuka chifukwa m'kati mulibe kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa kaunjika, kaya ndi ku Limbe, kwa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, musayambe n'kuiyeza m'manja kuti mumve kupepuka. Itembenuzeni. Ipindeni pamene zala zimapindikira muone ngati soli ili ndi mng'alu. Kanikizani chidendene ndi chala chachikulu: chikafwamphuka ngati katoni, phazi lanu lizivina m'katimo ndipo matuza akudikira. Yang'anani kutsogolo ngati guluu wayamba kulekana ndi soli. Onani ngati masitadi atha mbali imodzi, chifukwa jombo yotero imakupendeketsani motengera mayendedwe a mwini wake woyamba. Kumbukiraninso kuti jombo yachikopa osoka nsapato amaisoka n'kukhalanso bwino, pamene kansalu kopyapyala kaja singano ikaboola, pobowoka pomwepo ndi pamene pamayambira kung'ambika.

Chachitatu, ndipo kwa ine chachikulu, ndi kukwana. Jombo zambiri za liwiro n'zopapatiza, ndipo nsalu yake siitambasuka ngati chikopa. Mapazi amene anakula akuyenda opanda nsapato amakhala otambalala kutsogolo, zala zotayana. Wogulitsa adzakuuzani kuti "aise, imeneyi ikufutukuka, ingoivalani kawiri." Chikopa chimafutukukadi, pulasitiki ayi. Yesani madzulo pamene phazi latupako, mutavala sokosi zosewerera, mapazi onse awiri. Mangani zingwe, imani pa zala, khotani mwamphamvu. Chidendene chisatuluke, zala zisapanikizike, kutsogolo kutsale kampata kochepa. Kugula yaikulu n'kuika nyuzipepala kutsogolo kumathetsa phindu lonse la magalamu amene mwalipirira. Ndipo ikanyowa, musaiyanike pa moto kapena pa denga la malata. Ikani mapepala m'kati muiumitse pa mthunzi, apo ayi guluu amasungunuka.

Ndikanakhala ndi ndalama ya jombo imodzi yokha, ndipo magemu anga ambiri ali pa nthaka youma, ndikanatenga ya giredi yapakati, ya masitadi aafupi ozungulira, yondikwana ngati sokosi, ngakhale italemera magalamu 230. Yopepuka kwambiri ndikanaisiyira amene amasewera pa kapinga wa pa Bingu National Stadium sabata ndi sabata, amene timu imawagulira ina ikang'ambika. Ndalama yotsalayo ndikanagula mashinigadi, amene ambiri timawaiwala mpaka tsiku limene msongolo wakumana ndi sitadi.

Adi Dassler sanapite ku Bern ndi sikelo. Anapita ndi bokosi la masitadi a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo asanasankhe oti amange anayamba waona mmene bwalo lilili. Musanapite kumsika Loweruka likubwerali, kadutseni kaye pa galaundi imene mumasewerapo, mupondepo ndi chidendene, mumve kulimba kwake.